Moyo wa Gino Bartali, Ngwazi ya Njinga ya ku Italy

Yense amene adapalasapo njinga kuchokera ku Kasinje kukwera mpaka pa Boma la Ntcheu adziwa kuti pa chitunda munthu sabisa mphamvu zake. Ambiri amatsika nayamba kukankha. Koma ku Ulaya kuli anthu amene ntchito yao ndiyo kupalasa njinga pa mpikisano, ndipo amakwera mapiri otalika kuposa phiri la Dedza osatsika pa chishalo. Mmodzi wa anthu otere adali Gino Bartali wa ku Italy, amene adapambana mpikisano waukulu wa Tour de France kawiri, mu 1938 ndi mu 1948. Anthu adamtama kwambiri chifukwa cha maulendo amene adawaona ndi maso. Koma padali maulendo ena amene iye adawayenda mobisa pa nthawi ya nkhondo, ndipo mbiri yake idamveka bwino mwiniwake ali kale m'manda.

UBWANA WAKE

Gino adabadwa pa 18 Julayi 1914 m'mudzi wa Ponte a Ema, pafupi ndi mzinda wa Florence. Bambo ake a Torello ndi mai ake a Giulia adali anthu osauka, odya za thukuta lao. M'banjamo mudali ana anai, akazi awiri ndi amuna awiri, ndipo Gino adali wachitatu. Ali ndi zaka 13 adalowa ntchito kwa mmisiri wina wokonza njinga, naphunzira kumata machubu, kuwongola mawilo ndi kumanga tcheni. Kumeneko ndiko adayamba kukonda liwiro. Poyamba bambo ake adakana kuti mwana wao achite nao mipikisano, pakuti ankaopa ngozi, koma pambuyo pake adalola. Mu 1935 Gino adayamba kupalasa njinga ngati ntchito yolandirapo malipiro, ndipo chaka chomwecho adakhala katswiri wa dziko lonse la Italy.

Pano nkofunika kufotokoza m'mene mipikisano yaikuluyi imayendera. Siitha tsiku limodzi ai, imatenga milungu itatu kapena kuposerapo. Tsiku lililonse opalasa amanyamuka pamodzi mu mzinda wina nakafika mu mzinda wina, ndipo ulendo wa tsiku limodziwo umatchedwa chigawo. Alembi amalemba nthawi imene munthu aliyense watha pa chigawocho, naiphatikiza ndi ya masiku apitawo. Amene nthawi yake yonse ili yochepa ndiye ali patsogolo, ndipo ku France amamuveka malaya achikasu kuti anthu a m'mbali mwa mseu amzindikire. Tsono munthu angathe kupambana zigawo zingapo koma osapambana mpikisano, ngati tsiku lina adataya nthawi yambiri. Ndiponso mutu umodzi susenza denga: katswiri aliyense amakhala ndi anzake omtchinjiriza ku mphepo, omtengera madzi, ndi ompatsa wilo lao ngati lake laphulika. Mipikisano yotere yotchuka koposa ndiyo Giro d'Italia wa ku Italy ndi Tour de France wa ku France.

Mu Juni 1936 Bartali adapambana Giro d'Italia kwa nthawi yoyamba. Chimwemwe chake sichidakhalitse. Patangopita masiku owerengeka, mng'ono wake Giulio, amene nayenso adali wopalasa njinga, adagundana ndi galimoto pa mpikisano wina potsetsereka phiri, namwalira. Gino adasweka mtima kotero kuti adafuna kuileka njinga. Atabwerera pa mseu adali munthu wina. Kuyambira ubwana wake adali wa m'bungwe la Aksio Katolika, koma tsopano adalimbikira kwambiri mapemphero, ndipo mu 1937 adalowa m'chigawo chachitatu cha chipani cha Akarmeli, chimene chimalandira akristu eni ake okhala m'mabanja mwao. Ankakonda kwambiri Tereza Woyera wa Mwana Yesu. Anthu adayamba kumutcha Gino wopemphera, ena momlemekeza, ena monyodola.

Mu 1937 adapambananso Giro, napita ku Tour de France koyamba. Adavala malaya achikasu, koma tsiku lina m'mapiri adagwa pa mlatho nagwera mu mtsinje wozizira, ndipo patapita masiku ochepa adachoka pa mpikisano. Chaka chotsatira boma la Benito Mussolini, pofuna kudzitamandira pamaso pa maiko ena, lidalamula kuti Bartali asachite nao Giro, asunge mphamvu zake zonse kuti akapambane ku France. Adakapambanadi. Akuluakulu a boma ankayembekeza kuti ulemu wonse aupereka kwa Mussolini monga ankachitira amasewera ena, koma iye sadatero. Chifukwa cha ichi boma silidamlandire ndi chisangalalo chimene chidali choyenera ngwazi yotere. Chaka chomwecho cha 1938 ndi chimene boma la Italy lidakhazikitsa malamulo osala Ayuda, owachotsa m'masukulu ndi pa ntchito za boma.

ZAKA ZA NKHONDO

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse idaimitsa mipikisano yaikulu: Tour de France sadachitike kuyambira 1940 mpaka 1946, ndipo Giro sadachitike kuyambira 1941 mpaka 1945. Zaka zimene munthu amakhala ndi mphamvu zake zonse zidampita Bartali chomwecho. Mu Novembala 1940 adakwatira Adriana Bani, ndipo amene adadalitsa ukwatiwo ndi Ambuye Kadinala Elia Dalla Costa, Arkiepiskopi wa Florence.

Mu Seputembala 1943 asilikali a Germany adalanda chigawo chapakati ndi cha kumpoto cha Italy, nayamba kugwira Ayuda ndi kuwatumiza ku misasa kumene ankaphedwa. Ku Florence Ambuye Kadinala adagwirizana ndi mphunzitsi wa Ayuda, Nathan Cassuto, kuti abise anthuwo m'nyumba za amonke ndi za masisitere ndiponso m'mabanja. Ku Assisi, kwao kwa Fransisko Woyera, ntchito yomweyo idali m'manja mwa Ambuye Episkopi Giuseppe Placido Nicolini ndi Bambo Rufino Niccacci. Koma munthu wobisika sangakhale nthawi yaitali popanda chiphaso. Pankafunika ziphaso zokhala ndi maina ena, osaonetsa kuti mwiniwake ndi Myuda. Ku Assisi kudali osindikiza mabuku awiri, Luigi Brizi ndi mwana wake Trento, amene ankapanga ziphasozo mobisa. Chovuta chidali kupeza wonyamula zithunzi ndi mapepala pa miseu yodzaza ndi asilikali.

Malinga ndi umboni umene udaperekedwa pambuyo pake, Ambuye Kadinala adaitana Bartali nampempha kuti asenze ntchitoyi. Iye adali ndi chifukwa chomveka choyendera maulendo atali: katswiri wa njinga ayenera kuchita mayeso tsiku ndi tsiku kuti miyendo isalefuke. Ankapinda mapepala nawalowetsa m'kati mwa mipope ya njinga yake, pansi pa chishalo ndi m'chiwongolero. Kuchokera ku Florence kufika ku Assisi ndi makilomita pafupifupi 180, kuposa mtunda wa pakati pa Ntcheu ndi Lilongwe. Pa zipata za asilikali nkhope yake idali yodziwika, ndipo ambiri ankangofuna kumpatsa moni ndi kucheza naye za mipikisano. Akafuna kuyang'ana njinga, iye ankapempha kuti asaimasule, popeza chitsulo chilichonse chidayesedwa molingana ndi thupi lake. Kutchuka kwake ndiko kudakhala chofunda cha ntchitoyo.

Chilango cha wobisa Ayuda chikadatha kukhala imfa. Mu 1944 adamtengera ku nyumba ina ya ku Florence imene anthu ankaitcha Villa Triste, ndiye kuti nyumba ya chisoni, kumene Mario Carità, mkulu wa gulu lankhanza la chipani cha Mussolini, ankazunzirako akaidi. Adamfunsa mafunso, koma potsiriza adammasula. Nkhondo itatha, Bartali adatseka pakamwa pake za maulendo aja.

ULENDO WA 1948

Mipikisano itayambanso, Bartali adapambana Giro kachitatu mu 1946. Mu Seputembala 1947 a Papa Pius XII, polankhula kwa amuna a Aksio Katolika pa bwalo la Petulo Woyera ku Rome, adatchula dzina lake ngati chitsanzo cha munthu wolimbikira. Komabe pofika 1948 ambiri ankati nthawi yake yatha. Adali atatsala pang'ono kukwanitsa zaka 34, ndipo manyuzipepala ankamutcha nkhalamba.

Tour de France wa chaka chimenecho adayamba ku Paris pa 30 Juni. Padanyamuka anthu 120, ndipo ulendo wonse udali wa makilomita 4,922 m'zigawo 21. Masiku amenewo opalasa ankaikidwa m'magulu motsata maiko ndi zigawo za maiko, ndipo woyang'anira gulu la Italy adali Alfredo Binda, ngwazi yakale. Bartali adapambana chigawo choyamba ku Trouville, kenaka adatsalira m'mbuyo. M'mapiri a Pyrenees adapambana chigawo chothera ku Lourdes, kumene mpikisanowu udaima kwa nthawi yoyamba m'mbiri yake, ndipo adapita kukapemphera ku phanga la Amai Maria. Adapambananso chigawo chotsatira, chothera ku Toulouse. Koma malaya achikasu adali ndi mnyamata wa ku France wa zaka 23, Louison Bobet. Pofika ku Cannes, m'mphepete mwa nyanja, zigawo 12 zitatha, Bartali adali m'mbuyo mwa Bobet ndi mphindi zoposa 21. Pa mpikisano wotere mpata umenewu ndi waukulu ndithu, ndipo ambiri adataya chikhulupiriro mwa iye.

Tsiku la 14 Julayi lidali lopumula. Tsiku lomwelo ku Rome mnyamata wina dzina lake Antonio Pallante adaombera ndi mfuti Palmiro Togliatti, mtsogoleri wa chipani cha Komyunizimu, pamene ankatuluka m'nyumba ya malamulo. Dziko la Italy lidali logawanika kale, pakuti pa chisankho cha pa 18 Epulo chaka chomwecho chipani cha Alcide De Gasperi chidagonjetsa achikomyunizimu pambuyo pa mkangano woopsa, ndipo anthu ambiri adali akusungabe mfuti za nthawi ya nkhondo. Mbiri itamveka, antchito adanyanyala ntchito m'dziko lonse, ena adalanda mafakitale, m'mizinda ina mudachitika ziwawa ndipo anthu adafa. Ambiri ankaopa kuti kubuka nkhondo ya pachiweniweni. Ku Cannes opalasa a ku Italy adada nkhawa ndi mabanja ao. Bartali mwini ankasimba kuti madzulo a tsikulo nduna yaikulu De Gasperi, amene ankadziwana naye, adamuimbira lamya namfunsa ngati angathe kupambana, kuti anthu kumudzi amve nkhani ina yosakhala ya magazi.

M'mawa mwake, pa 15 Julayi, adanyamuka ulendo wa makilomita 274 kuchokera ku Cannes kupita ku Briançon, kudutsa mapiri atatu a Alps: Allos, Vars ndi Izoard. Mpata wa Izoard uli pa mamita 2,360, pamene nsonga ya phiri la Dedza ili pa mamita 2,198. Ngakhale idali nyengo yotentha, m'mapirimo mudagwa mvula ndi chisanu, ndipo miseu, imene yambiri idalibe phula, idasanduka matope. Jean Robic, amene adapambana mpikisanowu chaka chapitacho, adatsogola pa mapiri awiri oyamba. Bartali adamlondola modekha, nampeza, nampitirira, ndipo pa Izoard adakwera yekha. Adafika ku Briançon atapalasa maola oposa 10, thupi lonse lili matope okhaokha. Wachiwiri adafika patapita mphindi zoposa 6. Bobet adataya nthawi yochuluka kotero kuti pa mphindi 21 zija padangotsala ngati mphindi imodzi.

Pa 16 Julayi padali ulendo wina wa makilomita 263 kupita ku Aix-les-Bains, kudutsa Galibier, Croix de Fer ndi mapiri ena atatu, m'chisanu chomwecho. Bobet adalimbana naye mwamphamvu, koma potsiriza adalefuka. Bartali adapambananso navala malaya achikasu. Atapumula tsiku limodzi, pa 18 Julayi, tsiku lokumbukira kubadwa kwake, adapambana chigawo chachitatu chotsatizana, chothera ku Lausanne m'dziko la Switzerland. Adaonjezapo china ku Liège m'dziko la Belgium, zigawo zake zonse zidakwana 7. Pa 25 Julayi adalowa mu Paris ali patsogolo pa Briek Schotte wa ku Belgium ndi mphindi 26. Guy Lapébie adali wachitatu, Bobet wachinai. Mwa anthu 120 aja, amene adafika ndi 44 okha. Kufikira lero palibenso wina amene adapambana mpikisanowu kawiri motalikitsa zaka 10. Bobet naye sadataye mtima, pakuti adadzapambana katatu motsatizana, mu 1953, 1954 ndi 1955.

Kuyambira pamenepo anthu akhala akunena kuti Bartali adapulumutsa dziko la Italy ku nkhondo ya pachiweniweni. Mau amenewa ngokokomeza. Togliatti sadafe, ndipo ali m'chipatala adapempha omtsatira ake kuti adekhe. Atsogoleri a mabungwe a antchito adathetsa kunyanyala ntchito pa 16 Julayi. Izi ndizo zidazimitsa moto. Chimene chili choona nchakuti m'masiku amenewo anthu a zipani zodana adasonkhana pa wailesi imodzi nakondwerera munthu mmodzi, ndipo mitima idatsikako pang'ono.

ZAKA ZOTSIRIZA

Mnzake wolimbana naye kwambiri adali Fausto Coppi, amene adali wamng'ono kwa iye ndi zaka 5. Dziko lidagawikana pakati pa awiriwa, ena a Bartali, ena a Coppi. Pa Tour de France wa 1949 Coppi adali woyamba, Bartali wachiwiri. Pali chithunzi chotchuka cha mu 1952 choonetsa awiriwa akupatsirana botolo la madzi pa phiri, ndipo anthu adatsutsana zaka zambiri kuti adapatsa mnzake ndani. Coppi adamwalira pa 2 Januwale 1960 ndi malungo amene adawatenga ku Upper Volta, dziko limene lero likutchedwa Burkina Faso. Madokotala a kwao sadazindikire msanga nthendayo, imene kuno ngakhale mwana amaidziwa.

Bartali sadali munthu wopanda chilema. Adali wamakani, wosachedwa kudandaula, wa mau okalipa, ndiponso wosuta fodya. Mu 1950, anthu ena oonerera atamchita chipongwe pa phiri la Aspin, adakwiya nachoka pa mpikisano pamodzi ndi Ataliyana onse, ngakhale kuti mnzao Fiorenzo Magni ndiye adali ndi malaya achikasu. Ambiri adati pamenepo adamlakwira Magni. Atatha chaka cha 1954 adaleka mipikisano. Adakhala ndi mkazi wake mmodzi yemweyo zaka pafupifupi 60, nalera ana atatu. Adamwalira ku Florence pa 5 Meyi 2000 ali ndi zaka 85, ndipo adaikidwa m'manda a kwao ku Ponte a Ema.

Za nthawi ya nkhondo adauzako mwana wake Andrea pang'onopang'ono, namletsa kuzifalitsa. Maganizo ake adali akuti zabwino munthu amangochita, sazilengeza, ndi kuti ngwazi zenizeni ndi amene adazunzika ndi kufa, pamene iye adangochita chimene ankadziwa, ndicho kupalasa njinga. Atamwalira mboni zidayamba kulankhula. Mu 2010 Giorgio Goldenberg, Myuda amene adali mwana pa nthawi ya nkhondo, adachitira umboni kuti banja lao lidabisidwa m'chipinda cha pansi pa nyumba ina ya Bartali ku Florence. Mu Seputembala 2013 bungwe la Yad Vashem la ku Yerusalemu, losunga chikumbutso cha Ayuda ophedwa, lidalemba dzina lake pakati pa anthu olungama a mitundu ina amene adaika moyo wao pa chiswe kuti apulumutse Ayuda. Mu 2018 Giro d'Italia adayambira ku Yerusalemu komweko pomkumbukira.

Nkoyeneranso kunena kuti akatswiri ena a mbiri yakale, monga Michele Sarfatti, adakayika za maulendo onyamula ziphaso aja, ponena kuti palibe mapepala olembedwa pa nthawiyo otsimikiza nkhaniyi, ndi kuti zambiri zidasimbidwa patapita zaka. A ku Yad Vashem adaimabe pa umboni umene adalandira. Mtsutsowu sudodometsa, pakuti ntchito yobisa anthu siilembedwa m'kaundula, ndipo amene akadatha kufotokoza zonse adasankha kukhala chete. Za ulendo wa 1948 zidalembedwa mpaka mphindi ndi masekondi, ndipo anthu adaonjezerapo ulemu woposa muyeso. Za ulendo wa ku Assisi mwiniwake sadafune kuti pakhale mlembi.

Kuno ku Ntcheu njinga ndi chida cha tsiku ndi tsiku. Imasenza mbatata za ku Tsangano ndi ndiwo za pa msika wa Lizulu, imatengera wodwala ku chipatala, imafikitsa mphunzitsi wa katekisimu ku tchalitchi chakutali m'nyengo ya dzinja, matope ali m'maondo. Pa maulendo amenewa sipakhala alembi a nthawi, kapena khamu loomba m'manja, kapena malaya achikasu. Bartali adalawa ulendo wa mitundu iwiri yonseyi, wa pamaso pa anthu ndi wa mseri. Za woyambawo ankakamba momasuka kwa aliyense womfunsa, ndipo ankakangana nazo mpaka ukalamba wake. Wachiwiriwo adausunga mumtima zaka zoposa 50, napita nao kumanda.